Makilo awiri pa thumba lililonse

Mawu akuti "ndalapa" ndinawadziwa ndisanayambe sukulu. Tinkakhala ku Kapata nthawi imeneyo, ndipo amai anali ndi kamkwapulo kawo ka nthambi ya mabulosi kamene ankatsomeka padenga la khichini. Ukaba shuga kapena ukavuula nyama mumphika, kankangokuluma kawiri m'miyendo, iwe n'kuyamba kukuwa: "Ndalapa amai! Ndalapa, sindidzachitanso!" Amai ankaleka. M'mawa mwake dzanja lili m'shuga momwemuja, kungoti tsopano wayamba wasuzumira pakhomo kuti uone ngati akubwera. Kamkwapulo kaja kanandiphunzitsa kusuzumira, basi.

Kulapa kwa mtundu umenewo ndinakula nako mpaka imvi zinayamba kutuluka m'ndevu, ndipo palibe akanandiganizira. Ndine mwana wa mumpingo. Ambuye anga aamuna ankanyadira kuti Mawu anafikira kwathu konkuno, ku Magwero, mu 1899, pamene amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anamanga misasa yawo, Madzimoyo n'kudzatsatira mu 1903. Ankasimba ngati kuti iwo ndiwo anawasenzera katundu azunguwo. Ine kalasi ndinalowa, katekisimu ndinaloweza, kwaya ndinaimba mawu a besi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndinkazidziwa zonse, ndi manambala ake omwe.

Ntchito yanga ndi yogula mbewu. Kukolola kukayamba, cha mu Meyi, ndinkamanga sikelo ndi matumba kumbuyo kwa honda n'kulowa m'midzi ya mbali ya ku Chadiza ndi ku Vubwi. Ndikafika ndinkafuna mtengo wa mango wa nthambi yolimba, n'kupachika sikelo, n'kulemba mtengo wa tsikulo pa katoni. Soya, nshawa, nthawi zina mpendadzuwa. Katundu akachuluka ndinkachita hayala Canter n'kudzatula m'madepoti a muno mu Chipata. Phindu loona la ntchitoyi ndi lochepa: kusiyana kwa mtengo wa kumudzi ndi wa m'tauni, n'kuchotsapo mafuta, hayala ndi anyamata onyamula. Phindu linalo limachokera pa muvi wa sikelo.

Ndifotokoze mmene zimachitikira, poti alimi ambiri amangomva m'thupi kuti aberedwa koma sadziwa kuti dzanja lalowera pati. Sikelo yopachika ija ili ndi kasikuluwu pamwamba koongolera muvi kuti uime pa ziro. Ukakapotoza pang'ono, muvi umayambira kumbuyo kwa ziro, ndiye thumba limayamba lalipira ngongole ya kilo imodzi lisanayambe kuwerengedwa. Kuti anthu asaone, suisiya sikelo ili yopanda kanthu. Chingwe ndi mbedza zimakhala zili lende pomwepo, iwenso umaima moiphimba ndi phewa. Muvi usanakhazikike watchula kale nambala, mokweza, ngati woweruza. Kenaka umati, "Tichotsepo imodzi ya thumba ndi chinyezi." Thumba lopanda kanthu silifika ndi kota ya kilo yomwe, ndipo soya wa mu Julaye amakhala wouma gwa. Ndiye awiri amenewo. Obwera ndi zochepa tinkawayezera m'meda, koma meda yathu inali yoti tinaimiza m'madzi otentha n'kuikankha kunsi kuti itupe mimba.

Sindinkakutcha kuba. Tinali ndi mawu ake, tinkati tikuteteza shoti, poti kudepoti nakonso akatidula. Zinali zoona pang'ono, ndipo chifukwa cha pang'onopo ndinkagona tulo.

Chimodzi chokha ndinkachita mosamala: kulemba. Ndinali ndi kabuku ka chikuto cholimba, tsamba lililonse mizere iwiri. Kumanzere nambala imene ndatchula, kumanja nambala yeniyeni. Musaganize kuti chinali chikumbumtima. Ndinkafuna kudziwa katundu weniweni amene ali m'galimoto kuti anyamata anga asandibere. Wakuba ndiye amadana kwambiri ndi kuberedwa.

Mu 2015 kwacha inagwa chagada, magetsi ankangozimazima chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ndipo President Edgar Lungu analengeza kuti pa 18 Okutobala dziko lonse lipemphere, lisale kudya, lilape ndi kuyanjana. Linali Lamulungu, mabala anatsekedwa. Ife tinasonkhana mipingo yosiyanasiyana pabwalo, dzuwa la mu Okutobala lili phwee pamutu. Ndinagwada m'fumbi. Ndinalira zenizeni, sindikunama, malaya ananyowa pachifuwa. Ndinalapira dziko la Zambia, limene tinalitcha lachikhristu mu 1991 koma likuchita zosiyana. Ndinalapira andale, ndinalapira achinyamata oledzera, ndinalapira "machimo athu onse odziwa ndi osadziwa." Mawu amenewa ndi thumba lalikulu zedi, mumalowa chilichonse popanda kuchitchula dzina. Ndinabwera kunyumba mtima uli myaa. Meyi atakwana ndinatenga sikelo n'kupotoza kasikuluwu kaja.

Chaka chimenecho, 2016, ndi pamene ndinakumana ndi ambuye ena amene mpaka lero sindinawaiwale. Anabwera cha kumasana atasenza kathumba ka nshawa zoswa kale, nsalu atamanga m'chiuno, opanda nsapato. Ndinapachika, ndinatchula: "Twente."

Anayang'ana sikelo, n'kuyang'ana ine. "Mdzukulu wanga, sikelo yakoyi ili ndi njala."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

"Dzulo ndinapita nazo kusikelo ya ana," anatero. "Anesi anandichitira chifundo, anandipachikira. Zinakwana 22. Zaonda usiku umodzi?"

Ndinawayankha kuti sikelo ya kuchipatala ndi ya makanda, imazolowera kugwedezeka ndi ana olira, siingafanane ndi ya bizinesi. Ndinayankhula mwaulemu wonse, "ambuye" pano "ambuye" apo. Iwo anangoti, "Lemba zimene walembazo. Mwana amubweza kusukulu, akufuna ndalama Lolemba." Nthawi imeneyo sekondale inali yolipira, zaulere mpaka Grade 12 zinadzabwera mu 2022. Anamanga ndalama pa mfundo ya nsalu. Atayenda mapazi angapo anatembenuka n'kuloza sikipa imene ndinavala, ya kwaya yathu, yolembedwa vesi kumsana.

"Umapemphera kuti?"

Ndinawauza.

"Chabwino," anatero, n'kumapita.

M'kabuku ndinalemba kuti: gogo wa nshawa, 20, 22.

Mu 2017 soya anachuluka ndipo mtengo unagwa koopsa. Ndinaluza, ndipo poluzapo ndinafinya sikelo kwambiri. Chaka chotsatira ndinasiya zopotoza sikelo. Ndikanakonda kunena kuti Mzimu anandigwira, koma chimene chinachitika n'chakuti ogula tinachuluka, ena anabwera ndi masikelo a manambala owala amene mlimi amadziwerengera yekha, ndipo kunamveka kuti a boma oyesa masikelo akuyendera. Ndinagula yanga ya manambala n'kuponya yakale m'katoni. Kuyambira pamenepo ndinkadziona ngati munthu wolapa. Ndinkati zakale zapita. Ndinawonjezera chakhumi, ndinapereka matumba a simenti pomanga nyumba ya abusa, anthu n'kuomba m'manja. Sindinadzifunsepo kuti simentiyo ndi ya yani.

Vesi imene ndinkaikonda masiku amenewo inali ya mu Salimo 51, pamene Davide akuuza Mulungu kuti wachimwira Iye yekha. Ndinkaikonda chifukwa imatulutsa mlimi m'nkhanimo. Ngati ndachimwira Mulungu yekha, ndiye nkhani yathera kuchipinda, maondo pansi, chitseko chotseka. Ku Chadiza kulibenso chokatenga.

Mu Disembala 2023 mwana wanga wamkazi, ali pa holide, ankafuna mapepala ochitirapo masamu. Anafukula katoni ija n'kupeza kabuku. Madzulo ndikubwera ndinamupeza wakhala pakhonde, pensulo kukamwa.

"Atate, bwanji munthu mmodzi ali ndi manambala awiri?"

Ndinayang'ana. Mwanayo anali atatenga tsamba ndi tsamba n'kumachotsera nambala ya kumanzere pa ya kumanja, yankho n'kulemba m'mphepete ndi kalembedwe kake kozungulira.

"Masamu ake ndi osavuta," anatero. "Ikungotuluka 2, 2, 2. Pena 3."

Ndinamulanda kabukuko n'kumuuza kuti ndi zabizinesi, asamagwire zinthu za akulu. Nsima ya tsiku limenelo inandikanika. Zaka zonsezi ndinali nditamva maulaliki osawerengeka, ena a alaliki otchuka ochokera ku Lusaka okhala ndi zokuzira mawu zogwedeza malata, koma palibe unandivula ngati timanambala ta pensulo timeneto. Usiku ndinayatsa tochi ya foni n'kumaliza masamu amene mwana anayamba. Kabukuko kanali ka zaka ziwiri, 2016 ndi 2017. Makilo 2,300. Matumba 46 a makilo 50. Za 2015 kabuku kake kanatayika.

Chimene ndinamva usiku umenewo chinali chosiyana ndi cha pabwalo paja. Misozi kunalibe. Kunali kuzizira m'mimba, ndi kuona chinthu mmene chilili: kuti ine ndine wakuba, kuti ndinkabera anthu osauka kuposa ine, ndipo ndinkasankha okalamba ndi amai chifukwa sakangana. Mawu a pa Miyambo 11:1, akuti muyeso wonyenga umamunyansa Yehova, ndinali nditawawerengapo kambirimbiri ngati mawu onena za Ayuda akale. Pa Deuteronomo 25 mpaka akutchula za munthu wokhala ndi miyala iwiri yoyezera m'thumba mwake, waukulu ndi waung'ono. Ine ndinali ndi mizere iwiri m'kabuku.

Ndinawauza akazi anga kusanache. Anakhala tsonga pabedi n'kuyang'ana kudenga.

"Malata awa?"

"Ena mwa iwo."

"Ndiye inu mwakhala mukundidyetsa zakuba, ine n'kumavala yunifolomu ya Chigwirizano, kumakayendera odwala ndi shuga wogula ndi ndalama zimenezo?"

Masiku atatu sanandiyankhule kupatula za madzi osamba. Lachinayi lake anati, "Pitani kwa atate aja a kuchigawo. Musapite kwa anzanu a kwaya, angakupempherereni."

Atate amenewa ndi mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, munthu wosathamanga pakamwa. Ndinawapeza akukonza mpanda wa nkhuku. Ndinayamba ndi mawu ambiri, za kufooka kwa thupi, za Satana amene amayendayenda. Anandisiya mpaka ndinatha mpweya.

"Ndi makilo angati?"

Ndinawauza.

"A anthu angati?"

"Anthu alipo 84, ambiri a matumba angapo."

"Mukuwadziwa kumene ali?"

Ndinati ndimaganiza kuti tipemphera kaye. Anati tipemphera, nthawi ilipo, koma kodi pa nkhani imeneyi ndapempherapo kale kangati? Analowa m'nyumba n'kutenga Buku Lopatulika lawo lakale lomata ndi selotepi, n'kutsegula Levitiko 6, buku limene ambirife timalidumpha. Anandiwerengetsa ndekha. Munthu akanyenga mnzake kapena kumulanda, abweze chinthucho chathunthu, awonjezepo limodzi la magawo asanu, apereke kwa mwini wake. Nkhosa ya nsembe ikubwera pambuyo. "Mwaona ndondomeko yake?" anatero. "Mwini katundu kaye, guwa pambuyo. Ndipo musati ndi za Chipangano Chakale. Pa Mateyu 5 Ambuye akuti ukafika ndi mtulo wako paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo pomwepo, upite. Inu munachita chosemphana. Munabweretsa simenti kuti musapite."

Apa ndinatulutsa katekisimu wanga. Ndinati kodi si paja timapulumuka mwa chisomo, osati mwa ntchito? Kodi kubweza sindiko kugula chikhululukiro?

Anaseka pang'ono. "Zakeyu anabweza liti? Yesu anamuitana ali mumtengo, asanabweze ngakhale ngwee imodzi. Analowa m'nyumba mwake anthu akung'ung'udza. Chisomo chimenecho. Koma atalowa, chikwama chinatseguka chokha: theka kwa osauka, ndipo amene anawanyenga kuwabwezera kanayi. Palibe anamulamula. Tsono kwanu Yesu analowa liti, poti chikwama chikadali chotseka?"

Ndinalibe poyankha. Anatenga pensulo n'kuwerengera pa chikuto cha kabuku: gawo limodzi la magawo asanu la 2,300 ndi 460. Zonse 2,760. "Yambirani pa Mose," anatero. "Za Zakeyu simungazithe." Kenaka tinapemphera, pemphero lalifupi kuposa la chakudya.

Pali chinthu chimene chinandisautsa masabata otsatira, ndipo ndichinene chifukwa wina angaganize kuti nkhani yonse ndi ya ndalama. Yudasi naye anabweza. Pa Mateyu 27 akuti anamva chisoni, anatenga ndalama zasiliva 30 zija n'kupita nazo kwa akulu a ansembe, anavomera ndi pakamwa pake kuti wachimwa popereka munthu wosalakwa. Chisoni chinalipo, kuulula kunalipo, kubweza kunalipo, koma anakadzimangirira. Petro sanabweze kanthu, analibe choti abweze. Anatuluka kunja n'kulira, koma sanathawe kumene Yesu akanamupeza, ndipo anapezekadi m'mbali mwa nyanja, n'kufunsidwa katatu ngati amamukonda. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa zisoni ziwiri, china chotembenuzira munthu ku chipulumutso, china chobala imfa. Ndinazidziwa zonse ziwiri m'miyezi imeneyo. Panali mausiku amene ndinkangodziona ngati chinyalala, osafuna kuonana ndi munthu, osafuna kupemphera. Poyamba ndinkayesa kuti kumeneko ndiko kulapa kozama. Koma ndinadzaona kuti m'chisoni chimenecho munalibe mlimi, munalibenso Mulungu. Munali ine ndekha, kulira maliro a dzina langa labwino. Chisoni chinacho chinali chosalira kwambiri, koma chinkandidzutsa m'mawa n'kundifunsa kuti honda ndigulitsa zingati.

Mnzanga wina wa Katolika, amene timagula naye mbewu ndipo amapemphera ku St Anne's, nditamuuza anangogwedeza mutu. Anati kwawo mawu oti "kulapa" ndi dzina la sakramenti, ndipo amaphunzitsidwa kuti pamafunika chisoni cha mumtima, kuulula, ndi kukonza chimene waononga. Wakuba akapita kwa ansembe amauzidwa kuti abweze. Tinaseka kuti mipingo yathu inasiyana zaka mazana asanu zapitazo koma pa nkhani ya sikelo ikunena chimodzi. Iyeyo za sikelo yake sananene kanthu, inenso sindinamufunse.

Ndinakaonekera pamaso pa akulu a mpingo ndipo ndinaimitsidwa pa Mgonero kwa kanthawi, kwaya ndinayamba ndaisiya. Mmodzi wa akuluwo anadabwa poyera, anati zaka zonse wakhala pa mpando umenewo milandu imakhala ya mimba ndi mowa. Ndinaganizira zimenezo pobwerera. M'mipingo yathu yambiri mtsikana wa zaka 17 amaimirira kutsogolo mimba ili poonekera, pamene ife a masikelo, a kaloba, olanda minda ya amasiye, tili pa benchi yakutsogolo tavala jekete. Tchimo lathu silitupa.

Ngakhale zinafika pamenepo, kumudzi sindinapite msanga. Ndinkati mvula ithe kaye, misewu ya ku Vubwi ndi yoterera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mvulayo inathadi, koma inatha pakati pa nyengo, chimanga chili pofuna kumasula. Chinapsa chili chiimire. Pa 29 Febuluwale 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Akazi anga anazimitsa wailesi n'kunena kuti, "Anthu aja chaka chino alibe chakudya, inu muli ndi matumba awo 46." Honda inapita. Ng'ombe ziwiri zimene tinkasungitsa kwawo kwa akazi anga zinapitanso.

Tinayambira kwa anyakwawa a mudzi umene ndinkagulako kwambiri, ine ndi atate aja. Tinakhala pansi, tinaomba m'manja, atate anafotokoza. Anyakwawa anakhala chete nthawi yaitali, akukanda chibwano. "Mlandu suola," anatero. "Koma wodzibweretsa wokha sindinauonepo." Anatuma mnyamata kukamema anthu.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Nthambi inali ikadali ndi chipsera cha chingwe changa. Ndinaimirira n'kunena zimene ndinkachita, kasikuluwu, chinyezi, meda, zonse. M'maganizo mwanga ndinkaona anthu akulira, wina akuyambitsa nyimbo. Chimene chinachitika n'chakuti mnyamata wina kumbuyo anaseka mokweza. Mayi wina anafunsa ngati ndikuimira ukhansala. Bambo wina anakana kulandira, anati ndalama zobwera chonchi n'zokayikitsa, mwina ndi za masataniki, ulandire lero mawa mwana wadwala. Anadzalandira atate aja atazigwira ndi manja awo n'kuzipempherera. Ambiri anati ndalama ayi, tibweretsereni ufa, ndipo sabata yotsatira tinabwera ndi matumba a makilo 25.

Bambo wina wamtali, amene ndinamubera matumba ambiri kuposa onse, anaimirira n'kunena modekha kuti, "Ife tinkadziwa. Mumayesa sitinkadziwa? Koma tikanagulitsa kuti? Ku Chipata n'kutali, ngolo ndi yobwereka." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwana. Zaka zonsezo ndinkadziyesa wochenjera, chonsecho anthu ankangondiyang'ana, n'kumandipatsa moni, pena n'kundiphikira dzungu.

Ndinafunsa za ambuye a nshawa aja. Anthu anayang'anana. Anamwalira mu 2021.

Anandilozera nyumba ya mwana wawo wamkazi, kumapeto kwa mudzi. Ndinamupeza akusenda maungu ang'onoang'ono amene anapulumuka ku dzuwa. Ndinagwada chapatali, ndinafotokoza. Makilo awiri a nshawa, ndi gawo lake lowonjezera, ndi kathumba ka ufa pamwamba. Poziika pansi zinaoneka zochepa mochititsa manyazi.

"Ndinu a kwaya aja?" anafunsa osakweza mutu.

Ndinavomera.

"Amai ankakunenani. Akamva kwaya pa wailesi ankati, mwina mdzukulu wanga wa sikelo uja ali momwemo."

Ndinafunsa za mwana wa sukulu uja. Anati analekezera Grade 10, ali ku Lusaka amagulitsa zinthu pamsewu. Sindikunena kuti makilo anga awiri ndiwo anamusiyitsa sukulu. Umphawi uli ndi manja ambiri. Koma limodzi mwa manjawo linali langa.

Ndinati, "Amai, ndikupempha mundikhululukire."

Anapitiriza kusenda. "Ndamva. Siyani pamenepo."

Ndinadikira. Sananenenso kanthu. Atate aja anandikodola kuti tizipita.

M'galimoto ndinali wokhumudwa, ndipo nditadzifufuza ndinapeza kuti ndakwiya. Ndagulitsa honda, ndadzichotsa ulemu pamaso pa mudzi wonse, munthu n'kungoti "ndamva"? Pamenepo ndi pamene ndinagwira mchira wa chinthu china chimene chinabisala mwa ine: ndinkafuna umboni wokaimba nawo kutchalitchi. Ndinkafuna nkhani yokhala ndi mathero okoma, yoti anthu akati "Amen" ine n'kubwerera pa benchi yanga ndili wamkulu kuposa kale. Ndinali ndikugulabe, kungoti tsopano ndinkagula chikhululukiro, ndipo ndinkafuna andiyezere pompo. Mayi uja analibe nane ngongole. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo amene ndinayenera kuwapepesa ali kumanda. Ngakhale polemba pano ndikudziyang'anira, poti mtima womwewo ukhoza kusandutsa nkhani ino sikipa ina ya kwaya.

Ndinabwereranso ku Salimo 51, ndipo ulendo uno ndinayamba ndawerenga 2 Samueli 12, kumene salimolo linachokera. Mneneri Natani anamufikira Davide ndi nkhani ya munthu wolemera amene analanda kamwana kankhosa kamodzi kokha ka munthu wosauka. Davide anapsa mtima, anagamula kuti abweze kanayi, Natani n'kumuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Koma Uriya, amene Davide anamulanda mkazi, anali atafa kale. Panalibe khomo loti Davide akagogode. Ndinamva tsopano kuti mawu aja akuti wachimwira Mulungu yekha si a munthu amene akuzemba mnzake. Ndi a munthu amene waona kuti wosaukayo ali ndi Mwini wake, ndipo kuti pali ngongole zina zimene ngakhale utagulitsa zonse sungazifikitse kwa mwini. Za 2015 zopanda kabuku, madzungu amene ndinadya m'nyumba za anthu ndikuwabera, funso lija lakuti umapemphera kuti: zimenezo ndinazitula kwa Khristu chifukwa kunalibe kwina kozitula. Kale ndinkathamangira kumeneko kuti ndisapite ku Chadiza. Ulendo uno ndinafikako nditachokera ku Chadiza, manja ali opanda kanthu.

Tsiku limene ndinabwerera pa Mgonero sindinamve chilichonse chodabwitsa. Kachidutswa ka buledi, kakapu kakang'ono. Akazi anga anali mbali ya amai, sanandiyang'ane, koma pobwerera anandipatsa Baibulo lawo kuti ndiwanyamulire, chimene anali atasiya kuchita.

Mbewu ndikugulabe, pa honda yobwereka. Sikelo yanga ili ndi chidindo cha a Zambia Metrology Agency, ndipo ndisanayambe kugula ndimaika paketi ya shuga ya makilo awiri yosatsegula kuti aliyense aone nambala. Nkhope ya sikelo imayang'ana kwa mlimi. Phindu ndi lochepa, ndipo chilakolako chija sichinafe. Mlimi akayang'ana kumbali, mtima umandiuzabe kuti apa pakanalowa kilo. Kumudzi kuja ena amabwera kwa ine, ena amapita kwa anzanga, akuti wakuba ndi wakuba. Mayi uja ndinakumana naye kamodzi pa chigayo. Anandipatsa moni, ndinayankha, tinasiyana.

Pa anthu 84 aja, 73 ndinawachonga. Atsala 11, ndipo vuto lake ndi lakuti anthu ndinkawalemba mmene ndinkawaonera, osati maina awo. Wina ndinalemba "mai wa mapasa." Wina "mnyamata wa ngolo ya abulu." Wina anasamukira ku Mozambique, akutero anthu. Pali mzere wina wa mu Juni 2017 wolembedwa kuti "mdala wa chipewa chofiira, 47, 50," ndipo m'mphepete muli 3 wa pensulo, wozungulira bwino. Envelopu yake ndimayenda nayo m'chikwama cha sikelo. Ndafunsa m'midzi inayi, ndipo kulikonse amandiuza kuti madala a zipewa zofiira ndi ambiri.